Kodi kholo la amuna anu linalidi wamalonda wa ku Amsterdam?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa kwathu amene anakwatiwa ku Cape Town. Akuti apongozi awo amakonda kunena kuti kholo la banja lawo linali wamalonda wa ku Amsterdam, mzinda wa ku Holland, amene anabwera pa sitima ya pamadzi ndi chuma chake. Ana ayamba kufunsafunsa, ndiye mayiwa akufuna kudziwa ngati nkhaniyi ingakhale yoona, komanso poyambira kufufuza.

Mayi, zikomo pondilembera. Ndiyambire pa mawu akuti wamalonda, chifukwa ndi pamene pagona nkhani. Anthu amene anafika ku Cape kuchokera ku Holland ndi mtsogoleri wawo Jan van Riebeeck mu 1652 sanabwere kudzachita malonda awoawo ayi. Anali antchito a VOC, kampani ya Adatchi yochita malonda ku Asia, yomwe inakhazikitsidwa mu 1602, ndipo anatumidwa kudzalima ndiwo zamasamba ndi kupezera nyama ndi madzi sitima zopita ku Batavia, kumene lero ndi Jakarta. Malonda onse kampaniyo inawafumbata yokha. Mu 1657 itamasula antchito ake aamuna 9 pa ntchito kuti azilima m'mbali mwa mtsinje wa Liesbeek, inawalamula kuti zokolola azigulitsa kwa iyo basi, pa mtengo woika iyo yomwe. Ambiri obwera pambuyo pake anali asilikali ndi amalinyero osauka, ochuluka ndithu ochokera ku Germany, ndipo mu 1688 kunafikanso Afalansa othawa chizunzo cha chipembedzo. Mawu akuti koopman, kutanthauza wamalonda, analipodi, koma unali udindo wa m'kampani wolandirapo malipiro. Apongozi anu mwina sakunama, kungoti nkhani ikadutsa m'kamwa mwa mibadwo khumi imanona.

Koma chimene chandikhudza kwambiri m'kalata yanu n'chakuti mwangotchula bambo. Nanga mayi wa banjalo anali ndani? Ife Achewa timawerenga mtundu kuchikazi, ndipo pa nkhani ya ku Cape mwambo wathuwu ukuthandizani kuposa wa azungu wotsata dzina la bambo. Akazi ochokera ku Holland anali ochepa m'zaka zoyambirira. Krotoa, mkazi wa mtundu wa Khoi amene ankamasulira mawu pakati pa anthu ake ndi Adatchi, anakwatiwa ndi Pieter van Meerhof mu 1664. Angela van Bengale anabwera ali kapolo, anamasulidwa, nakwatiwa ndi Arnoldus Basson mu 1669, ndipo mabanja ambiri a dzina la Basson amachokera mwa iye. Akapolo ambiri anayamba kufika mu 1658, ndipo m'zaka zakumapeto ochuluka ankatengedwa ku Mozambique, kufupi ndi kwathu kuno. Ukapolo unathetsedwa ku Cape pa 1 December 1834. Ena anapatsidwa mayina a miyezi, n'chifukwa chake mpaka lero mumakumana ndi a September ndi a Januarie. Choncho dzina la Chidatchi palokha silikuuzani ngati kholo linali mwini munda kapena wolima m'mundamo.

Pofufuza musayambire ku Amsterdam. Yambani ndi apongozi anuwo akadali moyo: khalani nawo pansi ndi tiyi, lembani mayina a makolo awo, tchalitchi chimene anabatizidwira, ndi kumene anaikidwa. Kenako bwererani m'mbuyo m'badwo umodziumodzi kudzera m'mabuku a ubatizo ndi a ukwati a mpingo wa Dutch Reformed. Nyumba yosungira zolemba zakale ya Western Cape, mumsewu wa Roeland mu Cape Town momwemo, ili ndi mapepala a chuma cha masiye. Amenewo muwawerenge mutakonzekera mtima: pepala limodzi limalemba miphika, mipando, ng'ombe, kenako mayina a anthu, onse ngati katundu wa malemu.

Mukapeza dzina la munthu woyamba kutsika sitima, m'pamene mupite pa intaneti ku Nationaal Archief, nyumba yosungira zolemba zakale za dziko la Holland, ya ku The Hague. Anaikapo mabuku a malipiro a VOC a zaka za m'ma 1700, ndipo amasonyeza kwawo kwa munthu, sitima imene anakwera ndi ntchito imene analembedwa. Yesani kalembedwe kangapo ka dzinalo, poti alembi a nthawiyo ankalemba monga amvera. Mukapeza kanthu mundilemberenso, makamaka za mayiyo.