Waranti pa galimoto yaliwiro yogwiritsidwa kale ntchito

Achimwene, mwafunsa ngati n'kwanzeru kuwonjezera ndalama kuti Toyota 86 ija ibwere ndi satifiketi yotsimikiza kuti ili bwino komanso waranti ya wogulitsa. Ine ndinganene kuti inde, pokhapokha ngati wopereka warantiyo ali konkuno ku Lilongwe ndipo ali ndi galaja yakeyake. Pepala lochokera ku Japan, galimoto ikangodutsa pa Songwe, simudziwanso koti mukalirire nalo.

Muwerenge bwino zimene akulonjeza. Mawaranti ambiri amateteza injini ndi giyabokosi basi. Kilatchi, mabuleki, matayala ndi mashoko amati n'zakutha pozigwiritsa ntchito, pamene pa galimoto yotere n'zimene mwini wakale amakhala atazizunza kwambiri. Mukaikhulitsa kunsi podutsa pa hampu, poti ndi yotsika, zimenezonso n'zanu.

Komabe injiniyo si yamasewera. Ngakhale dzina ndi la Toyota, injini yake ndi ya Subaru, ndipo zipangizo zake simungazitole msanga pa Biwi ngati za Corolla. Apa ndiye waranti imapulumutsa.

Musanalipire, tengani makaniko wanu aiyike pa kompyuta, asuzumirenso kunsi. Wogulitsa akakana zimenezo, ndalama zanu zisatuluke m'thumba.