Yankho pa funso la alendo odzapumitsa thupi

Achemwali, mwafunsa ngati maulendo oti munthu akapumitse thupi ndi maganizo, monga kusamba m'akasupe otentha, kutikitidwa minofu kapena kuchita yoga, angadzutsedi ntchito zokopa alendo zomwe zinagwa chagada ndi Covid-19, kapena ndi zongosangalatsa anthu a ndalama. Ine ndikuti angadzutse, koma chinsinsi chake si nyumba zonyezimira zomwe timaziona pa zithunzi zija.

Kugwako kunali koopsa. Dziko la Thailand linalandira alendo pafupifupi 40 miliyoni mu 2019, koma mu 2021 sanakwane ndi theka la miliyoni lomwe. Zikatero, funso silikhalanso loti abwera angati, koma loti wobwerayo agona masiku angati ndipo abwera mwezi uti.

Apa ndi pomwe ndimawagomera anthu a ku Kerala, kum'mwera kwa India. Mvula ikayamba mu Juni, odzaothera dzuwa kunyanja amasowa, zipinda n'kukhala pululu. Iwo anatenga nyengo yomweyo n'kuigulitsa, ponena kuti chithandizo chawo chamakolo cha Ayurveda chimagwira bwino kunja kukakhala chinyontho. Mlendo amagona pa thabwa lalikulu losemedwa, anthu awiri akum'paka mafuta ofunda, kenaka mafuta ena akudontha pang'onopang'ono pamphumi, kunjaku mvula ili pakati. Mawa zomwezo, mpaka sabata ziwiri kapena zitatu. Wodzajambula zithunzi amagona masiku awiri n'kulongedza chikwama, pomwe uyu sangachoke chithandizo chisanathe. Masiku onsewo wophika, wochapa ndi mlimi wa ndiwo zamasamba akupeza kangachepe, m'miyezi yomwe akanangokhala manja lende.

Komanso sikuti uyambe ndi chuma chambiri. Blue Lagoon ya ku Iceland, yomwe lero anthu amachita kulipiriratu malo, inayamba mu 1976 ngati dziwe la madzi otayidwa kuchokera pa malo opangira magetsi a Svartsengi. Odwala nthenda ya khungu ya psoriasis ndiwo anayamba kusambamo. Ku Japan, nthambi ya boma yoona za nkhalango inangotcha dzina kuyenda mwakachetechete m'nkhalango mu 1982, shinrin-yoku, basi anthu n'kuyamba kupita.

Pomwe ambiri amagwa m'mbuna ndi pa anthu ogwira ntchitoyo. Ndinapitapo pamalo ena pomwe chikwangwani chinalembedwa bwinobwino, koma yemwe anabwera kudzanditikita anali mnyamata yemweyo anandipatsira tiyi m'mawa. Wosalakwa, anangomutuma. Ndinadzuka khosi litauma masiku atatu, ndipo sindinabwerereko. Munthu ukamuvula malaya n'kumugwira thupi, wakupatsa chikhulupiriro chachikulu kuposa wodzaona mathithi. N'chifukwa chake a ku Thailand ali ndi sukulu yophunzitsa kutikita pa kachisi wa Wat Pho ku Bangkok, ndipo luso lawolo UNESCO, bungwe la United Nations loona za maphunziro ndi chikhalidwe, inalilemba m'kaundula wa chikhalidwe mu 2019. Boma la Kerala nalo limayendera malo a Ayurveda n'kuwaika m'magulu, kuti mlendo adziwe komwe akulowa.

China chomwe ndingaletse ndikanakhala ndi mphamvu ndi kulonjeza machiritso. Wina akangolemba kuti madzi ake amachiza khansa, wodwala mmodzi n'kusiya mankhwala a kuchipatala, mbiri yoipayo imanunkhitsa dziko lonse, kuphatikizapo iwo omwe amangogulitsa tulo tabwino ndi mpweya wa m'nkhalango.