Mkuwa umene unandisowetsa tulo

Wina wandilembera imelo kufunsa kuti: "Tizidutswa ta mkuwa tija amati nanoparticles tikagwera mumtsinje, timakhala momwemo kapena timasintha?" Achimwene, mwanditokosa pachilonda.

Chaka changa chomaliza kusukulu anandipatsa ufa wakuda bii wa copper oxide, tizidutswa ta nano ta mkuwa wogwirana ndi okosijeni, kuti ndiuthire m'mabotolo atatu. Lina linali la madzi oyera a mu labu, lina la madzi a mumtsinje ofiirira ndi masamba ovunda, lachitatu la madzi amchere. Ndinakhutchumula, kulemba manambala, n'kupita kukagona. Kutacha, botolo lamchere lija linali mbee pamwamba, ufa wonse uli phee pansi ngati matope. La mumtsinje linali loderabe. Ndinati basi, ndalakwitsa penapake. Ndinabwereza katatu konse. Aphunzitsi ondiyang'anira, amene sindiwatchula, ankangoti "bwerezaninso", osandiuza kuti zimene ndikuonazo ndiye yankho lenilenilo. Milungu iwiri inathera pamenepo, ndipo kunena zoona ndikadawakwiyirabe.

Kadutswa ka nano sikapitirira mananomita 100, pamene tsitsi limodzi la munthu ndi pafupifupi 80,000 m'kunenepa kwake. Poyerekeza ndi kanthu kakakulu, kanthu kochepa chonchi mbali yake yochulukirapo imakhala pamtetete, madzi akuikhudza. M'madzi opanda mchere tizidutswati timakhala ndi kamphamvu ka magetsi kofanana, ndiye timakankhana n'kumayandama. Madzi a m'nyanja yamchere ali ndi magalamu pafupifupi 35 a mchere pa lita, ndipo mcherewo umaziziritsa kukankhanako. Timamatirirana, timalemera, timamira. Zinthu zochokera ku masamba ovunda zija, ma humic acid, zimatikuta ngati malaya n'kutiletsa kugwirana. N'chifukwa chake botolo langa la mumtsinje silinayere.

Mkuwa suchedwa kusintha maonekedwe. Ukakumana ndi okosijeni umayamba kufiira, kenako kuda, ndipo ukakhalitsa panja umabiriwira. Chifanizo cha mkuwa cha Statue of Liberty ku New York, chimene anachitsegulira mu 1886, chinali chofiirira, koma lero ndi chobiriwira. Icho chinatenga zaka zambiri. Kadutswa ka nano sikadikira zaka.

Apa mpamene ndimapsa mtima ndi anthu a mbali zonse ziwiri, amene amangomva mawu oti nano n'kuyamba kukuwa kuti poizoni, komanso ogulitsa penti wa maboti ndi mankhwala oteteza matabwa okhala ndi mkuwa, amene amangoti palibe vuto. Onsewa safunsa kuti madzi ake ndi otani. Chimene chimapha kwambiri ndi mkuwa wosungunuka, ma ayoni a Cu2+, ndipo amachuluka madzi akakhala a asidi, muyeso wa asidi wotchedwa pH utatsika. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu angamwe madzi okhala ndi mkuwa wofika mamiligalamu 2 pa lita. Nsomba mlingo umenewo singaupirire. Mkuwa umakakamira m'makha ake n'kuisokoneza kayamwidwe ka sodiyamu, mchere wofunika m'thupi mwake, ndipo nsomba za salmon zimayamba kulephera kununkhiza pa mlingo wochepetsetsa kuposa pamenepo. Ndere nazo zimafa msanga. Madzi akakhala ndi kasiyamu wambiri kapena zovunda zija, ululu umachepako.

Nanga zikamira?

Pansi pa matope, pamene mulibe mpweya, mabakiteriya amatulutsa sulfide, fungo la dzira lovunda lija. Mkuwa umagwirana naye n'kusanduka copper sulfide, amene sasungunuka wamba. Anthu amati ndiye zatha. Ine ndimakana. Matopewo akavundulidwa ndi madzi osefukira kapena makina okumba doko, okosijeni amalowanso ndipo mkuwa ungayambe kumasuka. Nyongolotsi ndi nkhono za pansipo zimadya matope omwewo.

Tsono inu achimwene, ngati mukufuna kuyeza madzi anuwo, yezani pH, mchere ndi zovunda zosungunuka, tengani ndi matope omwe, ndipo musagoneke botolo usiku wonse ngati ine.