Kodi chidulo chili ndi malo m'kalasi ya Chemistry?

Mphunzitsi wina wa sayansi pa CDSS wandilembera imelo. Akuti kumsonkhano wa aphunzitsi anauzidwa kuti aziyambira phunziro pa zimene ana amazidziwa kwawo. Ndiye akufunsa: ofufuza akutinji pa nkhaniyi, nanga sikutaya nthawi pamene MSCE ili pakhomo?

Zikomo aphunzitsi. Nkhaniyi sinayambe lero. M'zaka za m'ma 1980, Ubiratan D'Ambrosio wa ku Brazil anatchukitsa ethnomathematics, kuphunzira masamu opezeka m'ntchito za anthu wamba. Kwa anansi athu ku Mozambique, Paulus Gerdes anatha zaka zambiri akuonetsa geometry ya m'madengu oluka ndi m'zojambula zapamchenga za Achokwe a ku Angola. Nthawi imeneyo ntchito yaikulu inali kutolera zitsanzo.

Kenako funso linasintha, ndipo kwa ine apa ndiye pagona nkhani. M'ma 1990, Olugbemiro Jegede wa ku Nigeria ndi Glen Aikenhead wa ku Canada anafunsa zimene zimachitika m'mutu mwa mwana pamene za kusukulu zikusemphana ndi za kunyumba. Mwana atha kulemba bwino pamayeso kuti mphenzi ndi magetsi a m'mitambo, nkukhoza, koma mumtima akukhulupirirabe kuti munthu angathe kuitumiza kwa mnzake. Zonse ziwiri amazisunga, china cha aphunzitsi, china cha kwawo. Mukamuseka amangokhala chete, ndipo simudzamvanso zimene akuganiza. Meshach Ogunniyi, ku University of the Western Cape, anaphunzitsa aphunzitsi kuti mfundo zoterezi azizibweretsa poyera, ana akambirane ndi kutsutsana popereka umboni. Dziko la South Africa linakhazikitsanso ndondomeko ya nzeru zamakolo mu 2004. Posachedwapa Peter Okebukola wa ku Lagos wabwera ndi njira ya CTCA (Culturo-Techno-Contextual Approach, yophunzitsa pophatikiza chikhalidwe, luso lamakono ndi za m'dera la ana), yomwe imatuma ana kukafunsa makolo ndi kufufuza pafoni phunziro lisanayambe.

Tsono za nthawi. Tengani chidulo. Amayi akamathira madzi paphulusa nkumacheza, ndi filtration imeneyo, ndipo madzi otulukawo ndi alkali amene amafewetsa therere. Viikamoni pepala la litmus lofiira, ana aone likusanduka labuluu, kenako muyese madzi a mandimu. Mwaphunzitsa acids and bases, zomwe zili kale m'silabasi, osagula mankhwala. Kutcheza kachasu nako ndi distillation yeniyeni, ndipo kumakupatsani mpata wokamba za kuopsa kwa mowa.

Chimene ndimakana ndi kutchula chidulo mphindi ziwiri ngati chokometsera, kenako nkubwerera ku manotsi a pabolodi. Ndimakananso kuuza ana kuti chilichonse cha makolo ndi sayansi. Zina zikayesedwa zimatsimikizika, zina ayi, ndipo mwana ayenera kudziyesera yekha. Sankhani mutu umodzi teremu ino, tumani ana akafunse agogo awo momwe amachezera chidulo ndi phulusa lomwe amasankha, ndipo mayankho awowo akhale poyambira phunziro lanu.