Kalavani yogonamo: yambirani padenga, masofa muone pomaliza

Achimwene ena a ku South Bend, Indiana andilembera imelo kuti akufuna kugula kalavani yogonamo, ija kumeneko amati travel trailer, azikoka ndi pikapu yawo popita ndi ana ku Lake Michigan, koma akafika kwa ogulitsa zonse zikungowala mofanana ndiye yolimba aidziwa bwanji?

Achimwene, inutu mukukhala pakhomo pa fakitale, makalavani ambiri a ku America amapangidwa ku Elkhart pompo apo. Mainawo asakuzunguzeni. Jayco, Keystone ndi Airstream mwini wake ndi mmodzi, kampani ya Thor, pomwe Forest River inagulidwa ndi Berkshire Hathaway mu 2005, komanso machesisi ambiri ndi a kampani ya Lippert. Ndiye ine ndimati weruzani yomwe mwaigwirayo, osati dzina.

Chimene chimapha kalavani ndi madzi basi. Pemphani makwerero muone denga, nthawi zambiri limakhala ngati labala, EPDM kapena TPO, ndipo pozungulira mavent, mabowo otulukira mpweya aja, ndi m'mphepete amamata silanti, ikakhala yong'aluka kapena yopakidwa mwaulesi dziwani kuti mvula inalowa kale kapena ili m'njira. Mukatsika imani pakona muyang'ane khoma chammbali dzuwa likupendeka. Makoma a fiberglass amachita kumata ndi guluu, madzi akalowa guluu uja amasiya khoma nkutupa ngati thuza, kukonza kwake mungalire. Zija za felemu ya matabwa zokutidwa ndi malata a aluminiyamu anthu amazinyoza kuti nzotchipa koma kunena zoona sizivuta kukonza.

Mkati musathamangire TV. Nunkhizani kaye, fungo la chinyezi silibisika ngakhale apopere perefyumu. Pondani mwamphamvu pakhomo, pafupi ndi toileti komanso pa slide-out, mbali ija imatuluka kunja pokulitsa chipinda, pakamabonyoka ngati matiresi tulukani osatsanzika. Tsegulani makabati muunike ndi tochi ya pafoni kuseri kwake, mukapeza utuchi, mawaya ongolendewera ndi mastepulo pamalo ofunika sikuluwu, mwawaona mmene anagwirira ntchito pomwe amaganiza kuti simudzaonapo.

Kenako gwadani. Pa tayala pali nambala yoyamba ndi malembo akuti DOT, manambala 4 omalizawo ndi sabata ndi chaka, 2319 ndiye kuti sabata 23 ya 2019, tayala lakale limaphulika ngakhale mapanda ali bwinobwino. Werenganinso sitika yachikasu yonena katundu amene inganyamule. Galoni imodzi ya madzi ndi mapaundi 8.3, thanki ya magaloni 40 yadya kale 330 musanaike mapoto, ufa ndi njinga za ana.

Ngati ndi ya sekondi handi ya 2021 onjezerani maso, chaka chimenecho mafakitale anatulutsa ma RV, kutanthauza makalavani ndi magalimoto ogonamo, pafupifupi 600,000 anthu akuchita kulimbirana nthawi ya Covid. Ndipo musasaine asanalumikize madzi, magetsi ndi gasi inu muli pompo mukuona, furiji izizire kaye.