Maganizo akamathawira kumudzi muli pa geti usiku

Achimwene, mwafunsa ngati mutu wanu wayamba kusokonekera, poti mukakhala pa geti usiku pa ntchito ya ulonda ku Randburg mu Johannesburg muno maganizo amangothawira ku Mangochi, makamaka ku maliro a mayi anu omwe simunakwanitse kupitako, pomwe Loweruka mukamapakira katundu mu shopu ya ku Mayfair simuganiza kalikonse. Mutu wanu uli bwinobwino. Koma amene akuuzani kuti ingolimbani mtima musamaganize, sindikugwirizana nawo. Ndani anauzapo maganizo kuti khala pansi, n'kumumvera?

Tiyambe ndi ntchitoyo. Ulonda wa usiku umafuna maso basi: geti lomwelo, kamera zomwezo, galimoto imodzi pa ola. Ubongo ukaona kuti wasowa chochita, umadzipezera ntchito yake. Mu 1948 Norman Mackworth wa ku England anafalitsa kafukufuku wake wokhudza asilikali oyang'anira radar, makina oonetsa ndege kapena zombo zikadali patali. Ankakhazika anthu kwa maola awiri patsogolo pa chinthu chonga wotchi, ntchito yawo kungodina batani muvi ukadumpha mopitirira. Theka la ola loyamba litangotha, anthu ankayamba kuphonya. Nanga inu amene mumakhala mpaka kucha? Ku shopu n'kosiyana: abwana akuitana, lole yaima pakhomo, makatoni a sopo akutsika, wina akufuna chenji. Mpata woti maganizo achoke umasowa.

Ndipo si inu nokha. Mu 2010 Matthew Killingsworth ndi Daniel Gilbert a ku yunivesite ya Harvard ku America ankafunsa anthu 2,250 kudzera pa foni, nthawi zosiyanasiyana patsiku, chimene akuchita ndi chimene akuganiza. Pafupifupi 47 peresenti ya nthawi, munthu ankapezeka kuti thupi lili apa, maganizo ali kwina.

Chimene chandikhudza pa funso lanu ndi kumene maganizowo akupita. Ntchito imangotsegula khomo, koma njira imasankhidwa ndi mmene mtima ulili. Katswiri wa zamaganizo Jonathan Smallwood ndi anzake anaonetsa kuti munthu akakhala wokhumudwa, maganizo ake amachoka pafupipafupi, ndiponso amakonda kubwerera ku zakale. Dziyeseni nokha. Usiku wa tsiku lolandira, mutatumiza kale ndalama pa Mukuru, maganizo amachokanso ndithu, koma amakawerenga malata, matumba a simenti, feteleza wa chaka chino, fizi ya mwana. Amenewo ndi maganizo opita kutsogolo, ndipo ine sindingawaletse, chifukwa nyumba zambiri za anthu a ku Joni kumudziku zinayamba kumangidwa m'mutu pa geti. Koma usiku umene alandilodi akukumbutsani za renti, kapena mwakangana ndi akunyumba pa foni, pa geti pomwepo mumapezeka muli pa maliro paja: ndikanakwera basi pa Park Station, ndikanabwereka ndalama, abale akundiona bwanji. Mpaka tambala kulira palibe chatsopano chimene mwapeza, mwangozungulira ngati mbuzi yomangirira pachikhomo. Kuzungulira kumeneku kumawonjezera kukhumudwa, kukhumudwako n'kuitananso maganizo omwewo.

Choncho musalimbane ndi kuchoka kwa maganizo, muziona ngati akuyenda kapena akuzungulira. Mukazindikira kuti mwabwerera pamodzimodzi kachitatu, dzukani pampando. Yendani m'mbali mwa mpanda, gwirani loko aliyense ndi dzanja, werengani magalimoto amene agona mkati. Ubongo umafuna kantchito kakang'ono koti ugwire. Jackie Andrade wa ku yunivesite ya Plymouth ku England anachititsa anthu kumvetsera uthenga wa pafoni wotopetsa, ndipo amene ankadetsa timabokosi papepala pomvetsera anakumbukira zambiri ndi 29 peresenti kuposa anzawo. Kabuku ndi cholembera m'thumba la jekete n'zokwanira. Za mahedifoni m'makutu onse awiri ayi, mu Johannesburg muno mlonda amafunika amve phazi.

Za mayi anu, zimenezo sizingathe ndi kuyenda m'mbali mwa mpanda. Simunalire maliro pamodzi ndi abale, ndipo chisoni chimene sichinapeze malo masana chimabwera usiku. Chipatseni nthawi yake dzuwa likuwala. Imbirani foni achemwali kapena amalume akufotokozereni mmene mwambo unayendera, amene anabwera, nyimbo zimene zinaimbidwa. Ngati kuli za chiliza kapena sadaka, tengani mbali ngakhale pang'ono.

Koma ngati papita masabata awiri kapena kuposa chakudya sichikulowa, tulo sitikubwera, zimene munkakonda sizikukusangalatsani, kapena mwayamba kuganiza zodzivulaza, chonde musadikire. Pitani ku kiliniki ya boma yapafupi, kapena imbirani a SADAG, bungwe lothandiza anthu ovutika maganizo lomwe lili mu Johannesburg momwe muno.

Ndikufunseninso chimodzi, mundiyankhe moona: mukaweruka m'mawa, mumagona maola angati? Munthu wosagona mokwanira maganizo ake amathawa msanga, ndipo mtima suchedwa kugwa. Ngati mukuchoka pa geti Loweruka m'mawa n'kulunjika ku Mayfair osatsinzinako, tiyambire pamenepo.