Kuyankha achimwene amene apeza mfuti ya agogo awo kumudzi

Achimwene, mwati pokonza nyumba ya malemu agogo anu mwapeza mfuti yaitali yokulungidwa m'chiguduli kudenga, ndipo agogowo anali msilikali wa Keyala. Mukufunsa ngati mungabwere nayo kuno ku Lilongwe kudzaiyesa ku kalabu yowombera chandamale, komanso ngati munthu wamba angathandize nawo ntchito kumeneko. Ndaona ena akuyankhani kale kuti mungoikamo chipolopolo mumve ngati ilire. Amenewo musawamvere, chifukwa nkhope imene idzakhale pafupi ndi chitsulocho ndi yanu, osati yawo.

Koyambira si ku kalabu, ndi ku polisi. Malamulo a dziko lino salola munthu kusunga mfuti popanda chiphaso, ndipo chiphaso chimalembedwa m'dzina la munthu mmodzi. Sichigawidwa pa chuma cha masiye ngati mbuzi. Ngakhale agogo akanakhala nacho, chinatha ndi iwo. Choncho musaikweze minibasi mfutiyo poti mukaionetse anthu ku tauni, mudzafotokoza chiyani pa rodibuloko? Pitani chimanjamanja ku polisi yapafupi ndi kumudziko, mukanene zomwe mwapeza, iwo akuuzani njira yake. Likulu lawo lili konkuno ku Area 30 ngati nkhani ya mapepala ifike kumeneko. Kalabu yolongosoka siingakuloleni kulowa pachipata ndi mfuti yopanda mapepala. Ndipo mpaka munthu wodziwa ataitsegula, muziitenga ngati ili ndi chipolopolo m'kati: osailoza kwa munthu, osakhudza pokokera paja, ana akhale kutali.

Pachithunzi chanu zolemba sizikuoneka, koma thupi lake ndi la Lee-Enfield .303. Imeneyi ndiyo inali mfuti ya asilikali a Keyala, King's African Rifles, gulu limene linakhazikitsidwa mu 1902, lomwe mabataliyoni ake awiri oyamba anali a anyamata a ku Nyasaland konkuno. Anamenya nkhondo ku Karonga mu 1914, anakatchinga malire ku Moyale mu 1940, n'chifukwa chake baraki ya ku Mzuzu ili ndi dzina limenelo, ndipo ena anafika mpaka ku Burma mu 1944. Koma ndikukhumudwitseni pang'ono. Msilikali akamatsitsidwa ntchito, mfuti inkabwerera kosungira zida za boma. Kumudzi ankapita ndi mamendulo, chikhoti ndi nthano. Nkhondo zitatha, mfuti zamtunduwu zotsala zinagulitsidwa zambirimbiri kwa alenje ndi alimi m'maiko osiyanasiyana, kotero n'kutheka kuti agogo anaipeza pambuyo pake pofuna kuthana ndi nguluwe kumunda. Anasankha imene manja awo ankaidziwa kale.

Kuti mudziwe mtundu wake, onani kukamwa. Ngati thabwa lafika mpaka kunsonga kwenikweni, mphuno yake yooneka yobuntha, ndipo poyang'anira pakumbuyo pali pakati pa mpope, imeneyo ndi No. 1 Mk III, imene inayamba mu 1907. Pa mkombero wachitsulo kumbuyo kwa pokokera, mbali ya kumanja, mupeza chisoti chachifumu, dzina la fakitale monga Enfield, BSA, Lithgow kapena Ishapore, ndi chaka. Ngati mpope watulukira pang'ono kutsogolo kwa thabwa, ndipo poyang'anira ndi kabowo kokhala kumbuyo pafupi ndi diso, ndi No. 4 ya nkhondo yachiwiri. Chizindikiro chimodzi muchifunefune ndithu: zilembo DP. Mfuti yodindidwa DP asilikali anaiona kuti yatha, anaisiyira perete yokha. Imeneyo saombera, ngakhale iwale bwanji.

Mfuti imene yagona kudenga zaka makumi angapo imabisa zambiri. Mavu aja omanga ndi dothi amakonda kumanga mumpope, ndipo kuwombera mpope wotsekeka kumang'amba chitsulo. Dzimbiri limadya pansi pa thabwa pomwe maso saona. Nambala ya pa chogwirira cha bolt, chitsulo chokankhira chipolopolo mumpope n'kutseka kumbuyo, iyenera kufanana ndi ya pathupi la mfuti. Zikasiyana ndiye kuti wina anasinthanitsa, ndipo mpata wa pakati pa bolt ndi chipolopolo uyenera kuyezedwa ndi mmisiri wa mfuti amene ali ndi zoyezera zake, osati wowotcherera zitsulo wa pamsika. Chonde musaikhule ndi sandipepa, musaipake vanishi. Thabwa lake limafuna mafuta a linseed basi, ndipo zipsera zimene zilipozo ndiye mbiri yakeyo.

Ngati m'chigudulimo munalinso zipolopolo, zimenezo perekani ku polisi, musaziyese. Zakale za usilikali zinali ndi koyatsira wonga kamene kamasiya mchere mumpope. Mchere umenewo mafuta sauchotsa, umakoka chinyontho, ndipo nyengo ya mvula mpope umachita dzimbiri usiku umodzi wokha. N'chifukwa chake asilikali akale akawombera ankathira madzi owira mumpope, kenako kupukuta ndi kudzoza mafuta. Vuto lina la zipolopolo zokalamba ndi kuchedwa kuphulika: mwakoka, kwangomveka kuti thi, mukuti chafa, ndiye chikulira patapita kamphindi. Ku chandamale lamulo ndi lakuti zikatero mfuti ikhalebe yoloza kutsogolo, mudikire theka la mphindi kapena kuposerapo musanatsegule.

Zonse zikakhala bwino, kuwombera Lee-Enfield n'kokoma, sindinama. Imalemera pafupifupi makilogalamu anayi, imalowa zipolopolo khumi, zisanu zisanu, ndipo bolt yake ndi yofewa kuposa mfuti zambiri za nthawi imeneyo. Asilikali a ku Britain isanayambe nkhondo yoyamba ankayesedwa kulasa chandamale ka 15 pa mphindi imodzi pa mtunda wa mayadi 300. Ife sitithamangira zimenezo. Timagona chafufumimba, kupuma bwino, kuchalira ndi maso athu opanda galasi lokuza, kenako n'kukoka pang'onopang'ono. Imakankha paphewa, ndipo ukaigwira molekerera imakusiyira chikumbutso cha sabata yathunthu. Komanso zipolopolo za .303 n'zochokera kunja, ndi mavuto a ndalama zakunjawa mtengo wake ndi wowawa, choncho wophunzira aliyense amayambira pa mfuti yaing'ono ya .22. Palibe manyazi pamenepo.

Tsono mbali yachiwiri ya funso lanu ndi imene yandisangalatsa, chifukwa ambiri safunsa. Inde, mungathandize, ndipo simufunika kukhala ndi mfuti. Ine ndinganene kuti yambirani pomwepo pamene mapepala akuyenda.

Anthu amaganiza kuti ku kalabu n'kulira kwa mfuti tsiku lonse. Kuwombera kwenikweni ndi kanthawi kochepa. Ntchito yambiri ndi ya khasu ndi chitchetcho. Kumbuyo kwa zandamale kumakhala chimulu chadothi chogwira zipolopolo, ndipo mvula ya Januwale ndi Febuluwale imachikokolola chaka ndi chaka. Chiyenera kuunjikidwanso, ndi kuchotsamo miyala, chifukwa chipolopolo chikamenya mwala chimanjanja n'kulowera kwina. Chipolopolo cha .303 chimatuluka pa liwiro loposa mamita 700 pa sekondi, ndipo chikadumpha chimulucho chimatha kuyenda makilomita atatu kapena kuposa. Ganizirani midzi, minda ndi tinjira tomwe tazungulira Lilongwe, muona chifukwa chake wokankha wilibala ya dothi ali wofunika kuposa katswiri wolasa pakati. Mvula ikatha pali kutchetcha udzu kuti chandamale chioneke. Ikafika Seputembala ndi Okutobala pali kulambula m'mbali kuopa moto wolusa. Mafelemu a zandamale chiswe sichiwasiya, ndiye wodziwa ukalipentala sasowa chochita.

Ntchito imene ine ndimaiona yaikulu kuposa zonse ndi ya anthu oyandikana nawo. Tsiku lowombera lisanafike amfumu a midzi yapafupi ayenera kudziwa. Mbendera zofiira zikwezedwe, ndipo pakhale anthu oima m'tinjira kubweza abusa a ng'ombe ndi amayi otola nkhuni. Ana amakonda kuthamangira makoko amkuwa a zipolopolo, choncho tikamaliza timatola onse, ndi kuonetsetsa kuti pansi sipanatsale chamoyo. Apa munthu wodziwa kulankhula ndi akuluakulu mwaulemu, wokhala pansi n'kupereka moni asanayambe nkhani, amapindulitsa kalabu kwambiri kuposa wobwera ndi galimoto yaikulu.

Palinso kulemba m'kaundula amene abwera ndi mfuti zawo, kumata mabowo pa zandamale ndi kuwerenga mapointi, kugawa zotseka m'makutu, kuyang'anira bokosi la chithandizo choyamba, ngakhale kuphika tiyi. Wodzipereka akakhalitsa amaphunzitsidwa kuyang'anira mzere wa owombera. Ameneyo akati "siyani", aliyense amasiya, kaya ndi bwana wa kampani kaya ndi msilikali wopuma wa nyota zambiri. Ndaonapo achinyamata obwera kudzajambulitsa atanyamula mfuti kuti aike pa Facebook, atauzidwa kuti ayambe atola makoko sanabwerenso. Sitinawasowe.

Ikakhala kuti mmisiri wanena kuti mfutiyo siingawomberenso, musataye mtima. Funsani a polisi za njira yoiphera kuti isalirenso koma isungike, kapena lankhulani ndi a nyumba zosungira zinthu zakale. Mufufuzenso mamendulo a agogo ndi kabuku kawo kotsitsidwira ntchito, pamenepo pamakhala nambala yawo ndi bataliyoni, zimene zingakuuzeni kumene anamenya nkhondo kuposa mmene mfutiyo ingakuuzireni. Mwezi wa Novembala kumakhala mwambo wokumbukira asilikali pa chipilala cha kuno ku Lilongwe ndi cha ku Zomba, ndipo kumapezeka anthu odziwa kuwerenga mapepala oterewa.

Mukafuna kuikanso chithunzi muno, jambulani mkombero wachitsulo uja ndi kukamwa kwake pakuwala, koma nambala ya mfuti muiphimbe ndi chala, ndipo musatchule mudzi womwe ili.